Musagule kompyuta chifukwa choti amatapo i7

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya kagulidwe ka kompyuta, imene ambiri angaione ngati ya anthu ochepa, chonsecho ikudyera makolo ndalama zambiri. Ine ndine wojambula mapulani a nyumba. Ndidayamba ntchitoyi pa thebulo lopendekeka lija, ndi pensulo ndi rula, koma lero ndimagwirira pa kompyuta m'chipinda chimodzi cha nyumba yanga ku Chilomoni. Makasitomala anga ambiri ndi omanga ku Chileka, ku Mpemba ndi ku Lunzu, ndipo ena mwa iwo ali ku Johannesburg kapena ku Britain. Amenewa satumiza ya simenti asanaione nyumbayo pa WhatsApp itaima, ili ndi denga, mawindo ndi khonde lake, ngati kuti wina waijambula ndi kamera. Pulani ya mizeremizere siwakhutitsanso. Ndiye tonse a ntchito imeneyi tidaphunzira mokakamizika kuumba nyumba za 3D m'kompyuta, ena pa SketchUp, ena pa AutoCAD kapena Revit, ena pa Blender.

Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za zomangamanga ku MUBAS. Adafika kwathu Loweruka lina foni ili m'manja, akumwetulira. "Amalume, taonani mwayi uwu, i7 pamtengo wa i3." Mayi ake adagulitsa nandolo ndi mbuzi ziwiri kuti mwanayu apeze kompyuta ya sukulu, ndiye ndalamayo si yoseweretsa. Nditakulitsa chithunzicho ndidaona nambala yake yonse: i7-3770. Ndidaseka, koma kuseka kwa munthu amene wakhudzidwa pachilonda, chifukwa yoteroyo inenso ndidaigulapo, ndi ndalama imene idayenera kupita kwa alandilodi.

Dzina loti i3, i5 kapena i7 silinena msinkhu wa purosesa, ubongo wa kompyuta. Limangonena kuti pakati pa anzake a chaka chimenecho idali pamwamba kapena pansi, monga mwana amene adakhala nambala wani m'kalasi mwake. Msinkhu umaoneka pa manambala otsatira kamzere kaja. Pa i7-3770, nambala 3 yoyambayo ikutanthauza m'badwo wachitatu, wa mu 2012. Pa i3-12100, nambala 12 ikutanthauza m'badwo wa 12, wa mu 2022. Zonse ziwiri zili ndi ma core anayi (antchito a m'kati mwa purosesa), koma kai3 kamakonoka kamaisiya kutali i7 yakaleyo. Wogulitsa akamati ndi i7 sakunama, chomata pabokosicho n'choona. Iye amangodumpha zaka zake, ndipo wogula safunsa.

Yanga ndidaipeza mu 2021 pa shopu ina ya m'tauni muno. Ndi aja makompyuta opuma ntchito m'maofesi a kunja, obwera m'makontena, a bokosi lopyapyala. Polemba makalata ndi kuwerengera ndalama pa Excel ndi olimba, sindingawanyoze. Koma nditaumba nyumba ya zipinda zinayi, n'kuika malata a IBR, mabagala m'mawindo onse, mpanda wa njerwa ndi mitengo itatu yotsitsa pa intaneti, zinthu zidasintha. Ndikafuna kuizunguza nyumbayo kuti kasitomala aone kuseri, chithunzi chinkayenda modukiza ngati minibasi yotha mafuta pamtunda, kasitomala ali pambali panga akuyang'ana wotchi. Ndidati ndiwonjezere graphics card, kachipangizo kothandiza kompyuta kutulutsa zithunzi pa sikirini. Potsegula bokosi, malo osakwana. Power supply yake, yogawa magetsi m'katimo, yofooka, yopanda chingwe cholowetsa ku card, komanso ya mtundu wakewake woti sungaisinthe ndi ya m'sitolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene ndidachimvetsa mochedwa ndichifotokoze ndi za pa saiti, poti ndiko ndidakulira. Pali ntchito zina zoti mukachulukitsa manja zimatha msanga: kuumba njerwa, kutunga madzi, kututa mchenga. Anthu khumi amamaliza tsiku limodzi zimene mmodzi akadavutika nazo sabata yonse. Koma kuimika ngodya ya nyumba, ndi levulo ndi chingwe, ndi ntchito ya mmisiri mmodzi. Njerwa yachiwiri singakhale yoyamba isanakhazikike. Mukamubweretsera anthu khumi pangodyapo, asanu ndi anayi angoima chilili kumuyang'ana. M'kompyuta ndi momwemonso. Purosesa ili ndi antchito m'kati mwake, ndiwo ma core. Pamene mukukoka khoma, kuboola zenera kapena kusuntha denga, pulogalamu ngati SketchUp kapena AutoCAD imadalira kwambiri core imodzi, chifukwa chilichonse chimadikira kuti chinzake chithe. Apa chofunika ndi changu cha core imodziyo, zinazo zimangokhala. Ntchito ya manja ambiri imabwera kumapeto, pa render, pamene kompyuta ikuwerengera kuwala, mithunzi ndi kunyezimira kwa galasi kuti nyumba ioneke ngati yeniyeni. Pamenepo chithunzi chimagawidwa ndipo core iliyonse imatenga gawo lake.

Tsono wojambula aliyense adzifunse kuti pa maola asanu ndi atatu amene amakhala pampando, a render ndi angati. Ine pafupifupi tsiku lonse limathera pa kukoka makoma ndi kukonza zimene kasitomala wasintha, ndipo amasinthadi, mayi wina adandisunthitsa khitchini kanayi mpaka idabwerera pomwe idali poyamba. Render ndimaisiya ikuyenda ine n'kupita kukadya nsima. Ikachedwa ndi mphindi khumi sinditaya kanthu. Koma kompyuta ikamakakamira nthawi iliyonse ndagwira mouse, tsiku lonse laonongeka, ndipo mutu umapweteka.

Nditafotokoza izi, mnyamata uja adatulutsa chithunzi chachiwiri. Anzake adamuuza za Xeon E5-2680 v4, ya ma core 14, yoitanitsa pa intaneti kuchokera ku China pamodzi ndi motherboard yake, thabwa lolumikizirapo zidutswa zonse, pamtengo wotsika modabwitsa. Purosesa imeneyi si yachinyengo ayi, panthawi yake mu 2016 idali ya ma server a makampani akuluakulu. Koma liwiro lake limayambira pa 2.4 GHz n'kulekezera pa 3.3 GHz, ndipo ma core akewo ndi a kapangidwe kakale. Ndiye kuti mwalemba aganyu 14 otopa pomwe ntchito yanu yambiri ikufuna mmisiri mmodzi wachangu. Imadya mawati 120. Ma motherboard amene amaigulitsira pamodzi ambiri ndi opanda dzina lodziwika, ndipo ikafa pakatha miyezi iwiri mudzaibweza kwa yani, potumizira mudzalipira ndi chiyani? Munthu amene ntchito yake ndi render yokhayokha usiku ndi usana, wodziwanso kukonza yekha, mwina angapindule nayo. Mwana wa sukulu ayi.

Ngakhale nambala ya GHz, yonena kuti purosesa imagunda kangati pa sekondi, payokha imasocheretsa. I7-3770 ija imafika 3.9 GHz, pomwe i5-12400 imafika 4.4 GHz. Munthu angati kusiyana n'kochepa. Koma pazaka khumi zili pakati pawo opanga adasintha kamangidwe ka m'kati, moti pakugunda kumodzi yatsopanoyo imanyamula ntchito yochuluka kwambiri. Anthu awiri akhoza kuponya miyendo mofanana, wina atasenza ndowa, wina wilibala. GHz ndi yofananizira mapurosesa a m'badwo umodzi basi.

Palinso nkhani ya Windows imene ogulitsa saitchula. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndi a AMD kuyambira a mtundu wa Ryzen 2000. I7-3770 ndi Xeon ija zonse zili kunja kwa mndandandawo. Anyamata a m'mashopu ali ndi njira zolambalalira, ndikudziwa, koma kompyuta yodyerapo banja siyoyendera njira zachidule.

Ine nditatopa ndidasonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono n'kutumiza kwa alamu anga ku Johannesburg mu Okutobala 2023. Udali mwayi chabe, chifukwa mwezi wotsatirawo kwacha idagwa ndi 44 peresenti ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera usiku umodzi. Katunduyo adabwera pa basi kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, atamukulunga m'bulangete. Mudali purosesa ya AMD Ryzen 5 5600, motherboard ya B550, RAM (memory yogwirira ntchito) ya 16 GB, ka SSD kosungira mafayilo ndi graphics card yogwiritsidwapo kale ntchito ya GTX 1660 Super. Ryzen 5 5600 idatuluka mu 2022, ili ndi ma core asanu ndi imodzi, imafika 4.4 GHz, ndipo pabokosi adalemba mawati 65. Si ya anthu otchuka. Koma nyumba ija ya mabagala ndi mitengo itatu ndidaitsegulanso tsiku loyamba lomwelo, ndipo idazungulira mosalala moti ndidaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Iwo adayang'ana, n'kufunsa ngati ndalama ya sukulu fizi yatsalako.

Sindikuchemerera kampani ina iliyonse. Mkangano wa AMD ndi Intel pakati pa achinyamata uli ngati wa Maule ndi Manoma, sutha ndipo palibe amagonja. Intel Core i5-12400 ili ndi ma core asanu ndi imodzi ngati Ryzen yangayi, idatuluka chaka chomwecho, ndipo pa ntchito yathu zimayenda mofanana. Imene mwaipeza motchipa pamodzi ndi motherboard yake, tengani imeneyo. Ndanena kuti pamodzi ndi motherboard chifukwa purosesa siyenda yokha. Ya Ryzen 5000 imalowa pa soketi ya AM4, ya Intel ya m'badwo wa 12 imalowa pa LGA1700, ndipo sizisinthana. Ubwino wa AM4 ndi woti idakhalitsa pamsika, ma motherboard ake ndi ambiri, imagwiritsa RAM ya DDR4, ndipo tsiku lina mukapeza ndalama mukhoza kuchotsa 5600 n'kuikapo Ryzen 7 5700X ya ma core asanu ndi atatu kapena Ryzen 9 5900X ya ma core 12 osasintha motherboard. Ma Ryzen 7000 ndi achangu kuposa apa, koma amafuna soketi ya AM5 ndi RAM ya DDR5 yokha, ndiye mtengo wa zonse pamodzi umakwera. Amene thumba lake likulola agule. Kalata yangayi ndi ya ife a mbuzi ziwiri.

Chilembo cha kumapeto kwa nambala chaliritsa anthu ambiri. Pa Intel, F amatanthauza kuti purosesayo ilibe gawo lotulutsa chithunzi. Mukagula i5-12400F opanda graphics card, mudzalumikiza zonse, fani n'kuzungulira, koma sikirini ili bii. Ryzen 5 5600 yangayi nayonso ndi yotero ngakhale ilibe F. Ku AMD ya m'badwo umenewu yotulutsa chithunzi payokha ndi ya chilembo G, monga Ryzen 5 5600G. Imeneyi cache yake, memory yaing'ono ya m'kati mwa purosesa, ndi 16 MB pomwe ya 5600 ndi 32 MB, ndiye imatsalirako pang'ono, koma imakulolani kuyamba ntchito lero, card n'kudzagula chaka chamawa. Kwa munthu amene ndalama yake ndi yowerengeka, kusankha kwenikweni kuli pamenepa.

Ndipo card imeneyo ndiyo idandichititsa kuti ndisiye kusirira ma core ambiri. Blender, imene ndi yaulere kuyambira mu 2002, ili ndi chopangira render chotchedwa Cycles, ndipo chimatha kugwiritsa graphics card m'malo mwa purosesa. Chithunzi cha khonde chimene pa i7 ija chinkanditengera pafupifupi ola lathunthu, pa card yogwiritsidwa kale ntchito ija chimatha ndisanamalize kapu ya tiyi. Ndiye ngati mwatsala ndi ndalama zoti mungasankhe pakati pa purosesa ya ma core asanu ndi atatu ndi card yabwinoko, ine ndingati card. Poigula muyang'ane memory yake. Nyumba yodzaza ndi mipando, makatani, matailosi ndi udzu ikapanda kukwana m'memory ya card, render imakana kapena imakwawa. N'chifukwa chake ojambula ambiri amakonda RTX 3060 ya 12 GB ngakhale idatuluka mu 2021. Ine ndikuisungirabe ndalama.

Za RAM sindichulutsa. Musatsike pa 16 GB, ndipo zikhale ziwiri za 8 GB osati imodzi ya 16, kuti zizigwira mbali ziwiri. Pa 5600G zimenezi n'zofunika koposa, popeza gawo lake la chithunzi limabwereka RAM yomweyo. Windows ndi mapulogalamu zikhale pa SSD.

Tsopano za magetsi, zimene anzathu olemba za makompyuta ku Ulaya saziganizira n'komwe. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale, momwe tinkakhalira mumdima maola ambiri patsiku. Kuno purosesa yabwino ndi imene UPS yaing'ono, batire loyendetsa kompyuta magetsi akathima, ingainyamule kwa mphindi zokwana kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwino. Ndidatayapo denga lonse la tchalitchi, ntchito ya m'mawa wonse, chifukwa magetsi adathima ndisanasunge. Kuyambira pamenepo ndimati UPS ndi gawo la kompyuta, osati chowonjezera. Mukamawerengera mawati, dziwani kuti 65 wa pabokosi si malire enieni. I5-12400 ikalimbikira ntchito imatha kufika mawati 117, ndipo muwonjezerepo a card ndi a sikirini. Komabe zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi ma i7 ndi ma i9 amakono amene amapitirira mawati 200. Amene akugwirira pa sola ndi batire amvetsa msanga zimene ndikunena.

Ndiponyepo chenjezo limodzi kwa ofuna za pamwambazo zogwiritsidwa kale ntchito. Mu 2024 Intel idavomera yokha kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira mphamvu ya magetsi yopyola muyeso ndipo ankaonongeka pang'onopang'ono, ndipo idawonjezera zaka ziwiri pa waranti. Waranti imeneyo ndi yothandiza kwa amene ali ndi lisiti ndi sitolo yobwezako. Wogula kwa munthu, pamsika, sangadziwe kuti purosesayo idavutika motani m'manja mwa mwini wake woyamba.

Kutentha ndi fumbi nazonso ndi zathu. Mu Okutobala chipinda changa cha malata chimakhala ngati uvuni, ndipo purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Munthu amaganiza kuti kompyuta yakalamba, chonsecho ndi fumbi ladzaza pafani. Ryzen 5 5600 ndi i5-12400 zikagulidwa m'bokosi lake lenileni zimabwera ndi fani yake, ndipo imakwanira. Zogulitsidwa m'kapulasitiki chabe sizikhala nayo, ndiye mufunse. Ine miyezi itatu iliyonse ndimatulutsa bokosi panja n'kulipemerera, ndipo silikhala pansi pasimenti, ndidalikhomera kashelefu.

Pogula, musalipire musanaone kompyutayo itayaka pamaso panu. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani CPU, ndipo dzina lonse la purosesa lidzaoneka pamwamba ndi chiwerengero cha ma core pansi pake. Chomata chikhoza kumatidwa ndi aliyense, koma apa kunama n'kovuta. Nambalayo muilembe pa Google pafoni yanu muli m'shopu momwemo kuti muone chaka chake. Wogulitsa akaipidwa nazo, tulukani. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa Cinebench kamene kamayesa purosesa kawiri, core imodzi payokha ndi ma core onse pamodzi. Kwa ife ojambula nambala ya core imodziyo ndiyo yoyamba kuiyang'ana. Ngati mukugula zidutswa zomanga nokha, purosesa ya AM4 muitembenuze muone timano take, chifukwa kamodzi kakapindika mwagula mavuto. Pa Intel timanoto tili mu soketi ya motherboard, muunikemo ndi tochi ya foni. Ndiponso ma motherboard akale a B450 ena sazindikira Ryzen 5000 mpaka BIOS yake, kapulogalamu ka m'kati mwa motherboard, itakonzedwa, ndiye wogulitsa achite zimenezo musanachoke.

Akonzi, pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Amalonda amene amalengeza makompyuta m'masamba anu muziwapempha kuti alembe nambala yonse ya purosesa, osati i5 kapena i7 chabe. Wogulitsa galimoto amatchula chaka chake, ndipo palibe amadabwa nazo.

Za mwana wa achemwali anga, tidakhala pansi ndi pepala n'kuwerengera. Ndalama ya nandolo ndi mbuzi ikukwana Ryzen 5 5600G, motherboard ya B450, RAM ziwiri za 8 GB, SSD ndi power supply yabwino yoti idzanyamule card m'tsogolo. Bokosi tapeza lakale kwa mnzanga wokonza makompyuta, sikirini ndimubwereka yanga yachiwiri. UPS ndalonjeza kuti ndigula ine ntchito ya ku Lunzu ikalipidwa. Iye adakhumudwako poti anzake akamufunsa sadzatchula i7, koma wavomera, ndipo alamu anga akwera basi kumapeto kwa mwezi uno. I7-3770 yanga ija ilipobe, ndidaipereka kwa alembi a mpingo wathu, ndipo ikulemba makalata a ubatizo popanda vuto lililonse.

Wojambula mapulani,
Chilomoni, Blantyre